Za mnzathu wa Sienta: alipire kapena akakane ku khoti?

Uthenga uno ndi wautali. Muuwerenge mutakhala pansi, osati muli pa chiwongolero.

Masiku atatu apitawa takhala tikukangana nkhani imodzi pagulu pano, ena mpaka kutuluka kenako n'kupempha kuti awabwezeremo. Ndiye tati tinene poyera pamene taima, aliyense adziwe.

Kwa amene simunaimve bwino, nkhani yake ili motere. Mnzathu wina wa kuno ku Likuni, amene tinamaliza naye limodzi sukulu ya ukachenjede, amayendetsa Sienta ya amalume ake. Digiri ili m'sutikesi ngati yathuyi, iye ali pa tageti. Loweruka lapitali anapeza hayala yonyamula amayi anayi kupita ku chinkhoswe ku Nathenje. Anadzera ku bypass, n'kulowa M1 pamphambano ya ku Bunda. Atayandikira ku Nathenje, pamene zikwangwani zimayamba kutsitsa liwiro, anali kumbuyo kwa lole ya mchenga yomwe imayenda ngati yanyamula maliro. Galimoto ina yaikulu yamagalasi akuda inawapitirira onse awiri, fyuu. Patsogolo pang'ono dzanja la a trafiki linakwera. Yamagalasi akuda ija inapita. Lole inapita. Inaimikidwa ndi Sienta.

Kamera inkaonetsa 78.

"Achimwene, mukuthamangira kuti?"

"Bwana, 78 imeneyo si yanga. Ine ndinali kumbuyo kwa lole ija."

"Ndiye mukuti makinawa akunama? Lipirani muzipita. Apo ayi tingoyankhulana."

"Tingoyankhulana" ameneyu tonse tikumudziwa. Mnzathuyo anakana zonse ziwiri. Anamutengera laisensi, n'kumuuza kuti nkhani yake akaiyankha ku khoti. Amayi aja anakafika ku chinkhoswe mphatso zitayamba kale kuperekedwa. Madzulo amalume anamulandira ndi mawu awa: "Mphwanga, ukanangowapatsa ya fanta nkhani ikanathera pomwepo. Galimoto yanga igone pakhomo chifukwa cha sukulu yakoyo?"

Tisanamizane, pa masamu amalumewo sakulakwa. Tsiku limodzi ku khoti ndi tsiku limodzi lopanda tageti. Uwonjezerepo thiransipoti, uwonjezerepo nkhomaliro. Ukafike m'mamawa, ukhale pa benchi mpaka masana, kenako umve kuti mlandu wasunthidwira tsiku lina chifukwa mboni ya boma sinabwere. Ubwerenso. Pofika ulendo wachitatu waononga kale ndalama yoposa chindapusa chimene umakana chija. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe mmodzi wa ife amene ali ndi tsiku lotaya. Ndiye inu amene munalemba kuti "angolipira basi, asadzivutitse", sitikukutengani ngati amantha kapena ogulidwa. Mwawerengera bwino.

Koma taonani kumene masamu amenewa akutifikitsa. Ngati kukana kuli kodula kuposa kuvomera, ndiye kuti wolakwa ndi wosalakwa onse azilipira mofanana. Ndipo amene wagwira kamera amadziwa zimenezi asanakweze dzanja. Amadziwa kuti wa Sienta sangathe masiku atatu ku khoti. Amadziwanso kuti wa magalasi akuda ali ndi loya, ali ndi nthawi, ali ndi nambala ya foni ya winawake. Ndiye dzanja likwerera ndani? Pamsewu pathu pano chimene chimasankha wogwidwa nthawi zina si liwiro lake ayi, koma kuti ndani sangakwanitse kutsutsa. Nthawi iliyonse imene wosalakwa alipira n'kungoti zithe, amatsimikizira kuti kuwerengera kumeneku n'kolondola, ndipo mawa dzanja lidzakwerera Sienta ina.

N'chifukwa chake ife tikuti mnzathuyu asalipire. Akakane. Koma asakakane yekha, ndipo tifika pamenepo.

Choyamba timvetsetsane za lamulo, chifukwa pagulu panalembedwa zambiri zosokoneza. Kulipira chindapusa cha pamsewu ndi kuvomera mlandu. Ukapereka ndalama n'kulandira lisiti, wanena kuti ndinalakwadi, ndipo kudzatembenuka mawa n'kovuta. Njira yolipira pomwepo ndi yothandiza munthu amene wavomera, kuti asataye nthawi ndi nkhani yaing'ono. Si chigamulo. Wapolisi amagwira ndi kuimba mlandu, koma woweruza ndi majisitireti. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino likupatsa munthu aliyense ufulu wofika ku khoti, ndipo gawo 42 likuti woimbidwa mlandu atengedwe ngati wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Tanthauzo lake n'lakuti si mnzathuyu amene akuyenera kutsimikizira kuti sanathamange. Boma ndi limene likuyenera kutsimikizira kuti anathamanga, kuti 78 uja ndi wa galimoto yake, pa nthawi imeneyo, pamalo amenewo.

Apa ndi pamene kudziwa mmene kamera ija imagwirira ntchito kumathandiza. Makinawa amatumiza mafunde, ena kuwala kwa laser, zimakagunda galimoto n'kubwerera, ndiye amawerengera liwiro kuchokera pa zobwererazo. Sadziwa nambala ya galimoto, sadziwa dalaivala, amangoyeza chimene mafundewo agunda. Mafunde a radar amatambasuka akamapita patali, kotero galimoto zitatu zikakhala pafupipafupi, ina ikupitirira zinzake, nambala imene yatuluka ikhoza kukhala ya iliyonse mwa izo. Nambalayo imathanso kukhala pagalasi mpaka wina ataifufuta. Ndiye kukuonetsa 78 pakokha si umboni woti ndi wako. Mafunso ofunsa ndi osavuta: pali chithunzi choonetsa galimoto yanga ndi nambala yake? Nthawi yalembedwa? Makinawa anayesedwa liti komaliza kuti akuwerenga zoona, ndipo pepala lake lili kuti? Sikelo ya ku butchala ndi pampu ya pa filling station zimayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards kuti ogula asaberedwe. Makina amene amachotsa ndalama m'thumba mwa munthu pamsewu sangakhale okhawo osafunsidwa.

Funsani mwaulemu. Sitikukutumani kukalalatira munthu wovala yunifomu, mungangodziwonjezera mlandu wina pamwamba pa woyambawo. "Bwana, mlanduwu sindikuuvomera, ndikufuna ukaweruzidwe ku khoti." Basi. Lembani nthawi, malo, dzina kapena nambala ya wapolisiyo ngati ikuoneka, ndi manambala a foni a anthu amene mwanyamula. Chilichonse chimene akutengerani, laisensi kaya makiyi, pemphani kapepala kosonyeza kuti chili kwa iwo.

Ena mwafunsa kuti kodi munthu wamba anayamba wapindulapo ndi kukana m'Malawi muno? Eya. Mukumbukire nkhani ya Mayeso Gwanda. Anali wogulitsa majumbo ku Blantyre. Mu Malichi 2015 anagwidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa katundu wake, n'kuimbidwa mlandu wa vakabu pansi pa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo lomwe tinalandira kwa atsamunda. Anthu ankagwidwa ndi lamulo limeneli kwa zaka zambirimbiri, ndipo njira yodziwika inali yomweyi ya amalume: vomera, lipira, tuluka, ukapitirize geni. Iye anakana. Pa 10 Januwale 2017 majaji atatu a High Court anagamula kuti gawo limeneli likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo limene linkagonetsa amphawi m'chitokosi.

Koma tisaitenge ngati nthano yosangalatsa chabe. Zinamutengera pafupifupi zaka ziwiri. Ndipo sanali yekha: kumbuyo kwake kunali mabungwe a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre, ndi maloya amene iye payekha sakanatha kuwalipira. Akanakhala yekha, majumbo ake akanamuitana kumsika mlandu usanafike patali. Phunziro lake kwa ife si lakuti limba mtima basi. Ndi lakuti mtengo wa kukana ugawidwe. Munthu mmodzi sangataye masiku atatu, koma anthu makumi asanu akhoza kusonkha ndalama ya masiku atatuwo osamva kupweteka kwenikweni.

Tinenenso zimene ena sakufuna kumva. Mnzathuyu akhoza kuluza. Majisitireti akhoza kukhulupirira wapolisi. Akapezeka wolakwa, chindapusa cha ku khoti chikhoza kukhala chachikulu kuposa chimene amamuuza pamsewu. Mwa amayi anayi aja, awiri avomera kudzaima ngati mboni, awiri ena akuti kunyumba sanawalole, za makhoti sazifuna. Sitikuwaimba mlandu. Mnzathuyo tamuuza zonsezi maso ndi maso, ndipo tamuuzanso kuti akasintha maganizo n'kulipira, palibe amene amutchule dzina loipa pagulu pano. Galimoto si yake, ndipo amene amagona nyumba imodzi ndi amalumewo ndi iyeyo, osati ife. Pakadali pano akuti apita.

Tsopano nkhani yachiwiri, yomwe yatikwiyitsa kwambiri kuposa yoyambayi. Titangoyamba kukamba za Nathenje, mnzathu wina anatumiza uthenga kuti nayenso anagwidwa sabata yatha pamsewu wa Likuni, m'mawa, ndipo akufuna timupangire posita ya nkhanza za apolisi. Titamufunsa bwinobwino anavomera yekha, akuseka, kuti anali pa 80 chifukwa amachedwa ku intavyu. Aise, posita imeneyo kulibe. Kalipire, utenge lisiti, ndipo uthokoze kuti chimene chinakuimitsa ndi dzanja la wapolisi osati mwana wa sukulu.

Msewu wa Likuni tonse timaudziwa. M'mawa kuyambira ku Chinsapo mpaka ku Likuni kuno ndi ana a yunifomu okhaokha akuwoloka, akabaza akupotoloka posayembekezera, amayi atayala tomato m'mphepete mwa phula. Ku Mitundu tsiku la msika n'chimodzimodzi, ngolo, njinga zolemedwa ndi matumba, anthu odzaza msewu. Galimoto ikamayenda pa 50 imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Pa 80 imadutsa mamita 22. Sekondi imene diso laona mwana phazi lisanafike pa buleki, mwadya kale mtunda umenewo. Ndipo buleki akagwira, mtunda woimira pa 80 ndi wotalika kawiri ndi theka kuposa pa 50. Izi si ndale, ndi fizikisi ya ku sekondale. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2018 linayerekeza kuti m'Malawi muno anthu pafupifupi 31 pa 100,000 alionse amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, chiwerengero chimene chili m'gulu la zokwera kwambiri padziko lonse. Ambiri mwa akufawo sakhala m'galimoto ayi. Amakhala oyenda pansi ndi apanjinga. Ndi amayi athu, ndi abale athu a kabaza, ndi ifeyo tikamayenda wapansi ndi maenvulopu kusaka ntchito.

Ndiye pasakhale wina womva ngati gulu lino likulimbana ndi kamera. Tikanakonda makamera akanachuluka, makamaka pa sukulu ndi pamisika, ndipo akanamagwira aliyense, wa Sienta ndi wa magalasi akuda yemwe. Tikayamba kuteteza aliyense wogwidwa chifukwa choti ndi mnzathu, tsiku limene tidzanene zoona palibe adzatimvere. Mlandu wa ku Nathenje uli ndi mphamvu chifukwa choti wa pamsewu wa Likuni taukana.

Tibwere kwa "tingoyankhulana" uja, chifukwa kunena zoona, pamsewu sapereka mwayi wosankha pakati pa kulipira ndi khoti. Amapereka mwayi wosankha pakati pa chindapusa chonse ndi theka lake lopanda lisiti. Ambiri a ife tinasankhapo theka, tisadzionetse oyera. Umaona ngati wapulumutsa ndalama. Koma lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, Corrupt Practices Act, limagwira wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo chilango chake chimafika zaka 12 m'ndende. Kupatula za ndendezo, taganizani chimene kangachepe kamachita pamsewu. Kamasandutsa kamera kukhala khasu. Wothamanga weniweni amagula chilolezo chothamangiranso mawa, ndipo wosalakwa amaimikidwa chifukwa nayenso akhoza kupereka. Dzanja lija linakwerera mnzathu chifukwa madalaivala ambiri amene anadutsa pamenepo iye asanafike anaphunzitsa kuti Sienta imapereka. Kafukufuku wa Afrobarometer wakhala akuonetsa kuti Amalawi amaika apolisi pakati pa amene amawaona kuti ndi akatangale kwambiri, koma chibanzi sichidzipereka chokha. Sitingamaimbe za Cashgate ya 2013 mumsewu Lachiwiri, Lachitatu n'kumapinda ndalama mu laisensi.

Tikudziwa kuti malipiro a wapolisi wa pamsewu ndi ochepa, nayenso ali ndi lendi ndi fizi. Ena mwa iwo tinaphunzira nawo kalasi imodzi, analowa upolisi chifukwa ntchito ina kunalibe. Tikumva. Koma malipiro awo akakambirane ndi amene anawalemba ntchito, osati ndi thumba la mnyamata amene tageti yake sinakwane.

Ndiye ngati mwalakwadi ndipo mukulipira, lipirani mokwanira ndipo mutenge lisiti la boma, lija timati GR. Musalipinde musanaliwerenge. Onani ngati ndalama yolembedwa ndi imene mwapereka, ngati dzina lanu, nambala ya galimoto, tsiku ndi mlandu wake zalembedwa. Lijambuleni pa foni pomwepo. Lisiti lolembedwa ndalama yochepa kuposa imene mwatulutsa ndi kangachepe kovala tayi. Akakana kupereka lisiti kapena akapempha ya fanta, nkhani imeneyo ndi ya ACB. Madandaulo a khalidwe la wapolisi amapita ku Independent Complaints Commission, ofesi imene lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa koma inatenga zaka pafupifupi khumi kuti iyambe kugwira ntchito. Poti tinaidikira nthawi yonseyo, tiyeni tiigwiritse ntchito. Kwa amene mlandu wakula ndipo alibe ya loya, kuli a Legal Aid Bureau.

Pali china chimene chinatuluka pamkangano wathu chomwe sitikufuna chitayike. Mlongo wathu wina wa ku Mitundu anafunsa kuti n'chifukwa chiyani chindapusa chili chimodzimodzi kwa munthu wopeza mamiliyoni ndi kwa dalaivala wa tageti. Kwa wina ndi ndalama ya mayunitsi, kwa wina ndi chakudya cha sabata. Funso limeneli lili ndi yankho kwina. Ku Finland chindapusa cha liwiro lalikulu chimawerengedwa potengera zimene munthu amapeza. Mu 2002 bwana wina wa kampani ya Nokia, Anssi Vanjoki, anauzidwa kuti alipire mayuro 116,000 atagwidwa mu mzinda wa Helsinki akuthamangitsa njinga yamoto pa 75 pamalo a 50. Anakadandaula ku khoti ndipo ndalamayo inatsitsidwa kwambiri poti zopeza zake zinali zitatsika, koma mfundo yake ndi yomveka: chilango chipweteke mofanana. Kuno kwathu, kumene ambiri zopeza zathu sizilembedwa paliponse, kutengera njira imeneyi sikungakhale kophweka, ndipo ife sitikunamizira kuti tili nalo dongosolo lake. Koma aphungu athu akamabwera kudzagawa mipira, ili ndi funso lowafunsa.

Chimene tingathe kuchita panopa n'chakuti tilembe kalata. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo ambiri a ife sitinaligwiritsepo ntchito ngakhale kamodzi. Tikufuna tifunse, molemba, kuti makamera a liwiro amene akugwiritsidwa ntchito m'boma la Lilongwe amayesedwa ndi ndani komanso kangati, ndiponso kuti ndalama za chindapusa cha pamsewu zimene zinalembedwa malisiti chaka chathachi ndi zingati. Mwina atiyankha, mwina atinyalanyaza. Akatinyalanyaza tidzakhala ndi kope lathu lodindidwa losonyeza tsiku limene analandira. Amene munaphunzira zamalamulo ndipo muli pakhomo ngati ife, ntchito ndi imeneyi, tithandizeni kuilemba.

Za mnzathu wa Sienta tapangana motere. Tikusonkha ndalama yokwanira tageti ya amalume ake pa tsiku lililonse limene galimoto igone chifukwa cha mlanduwu, ndi thiransipoti ya amayi awiri aja. Awiri mwa ife tinapita kukaonana ndi amalumewo dzulo madzulo. Anatilandira pakhonde, anatimvetsera mpaka kumapeto, n'kuti: "Ana inu, bola ndalama yanga izifika." Tavomera. Aliyense aponye imene angathe kwa msungichuma wathu pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mndandanda wa zolowa ndi zotuluka uziikidwa pagulu pano madzulo alionse. Akaluza mlandu, chindapusa chichokera m'thumba lomweli, ndipo chithunzi cha GR yake mudzachiona pano. Yotsala idzasungidwira wotsatira, bola akhale woti sanathamangedi, ndipo tidzamufunsa mafunso ngati amene tinafunsa wa intavyu uja.

Tsiku la mlandu ndi Lachinayi likudzali. Tikumana pa siteji ya Likuni 7 koloko m'mawa. Sitikupita ku mademo ayi: zikwangwani, malikhweru ndi nyimbo zitsale kunyumba. Valani bwino, mafoni azime tikalowa, tikakhale pa benchi mwakachetechete kuti mnzathu akatembenuka aone nkhope zimene akuzidziwa. Anthu khumi akwana, ena tidzasinthana mlandu ukasunthidwa.

Chotsiriza, tikusaka dalaivala wa lole ya mchenga ija. Inali pa M1 kulowera ku Nathenje Loweruka lapitali cha m'ma 10 koloko m'mawa, Sienta yoyera ili kumbuyo kwake. Ngati mukumudziwa, kapena munali pamsewupo nthawi imeneyo n'kuona galimoto yamagalasi akuda ikupitirira, tilembereni ku inbox lisanafike Lachitatu. Tumizani uthengawu ku magulu a ku Nathenje ndi ku Mitundu, makamaka a madalaivala.